Nkhuku Yolawa Mankhwala ya a Mwakibinga

Aliyense amene anakulira kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Hara amawadziwa a Zebedee Mwakibinga. Ndi bambo wamtali, wowonda, woyenda mowerama pang'ono ngati munthu amene wataya singano m'njira. Zaka zambiri zowokera mpunga m'matope zinawapinda msana, koma maso awo ndi akuthwabe. Mukawapatsa chinthu m'manja amachitembenuza kawiri, n'kuchinunkhiza, kenako n'kufunsa kumene chachokera. Ana a sukulu anawapatsa dzina lakuti Asekuru Dikirani, kutanthauza Agogo Dikirani, chifukwa mawu akuti "dikirani kaye" sachoka pakamwa pawo.

Kuchenjera kumeneku sanabadwe nako. Ali mnyamata anali ndi mng'ono wawo, Ambokile, mwana wa nthabwala amene kuseka kwake kunkamveka kutsidya kwa ngalande. Tsiku lina Ambokile anamva mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndipo anagula makapisozi kwa munthu wina woyendayenda amene ankayala malonda ake pa lona tsiku la msika. Anamwa awiri m'mawa n'kupita kumunda. Dzuwa lisanafike pamutu anamupeza atagwa pamzere, thovu lili kukamwa. A Zebedee anamubereka n'kuthamanga naye, koma Ambokile anatsirizika ali kumsana kwawo, denga la chipatala likuonekera patsogolo. Wamalonda uja sanaonekenso.

Makapisozi otsala mayi awo anawataya kudzala. M'mawa mwake nkhuku ziwiri zimene zinkapalasa pamenepo zinapezeka zitauma gwa, miyendo m'mwamba. A Zebedee anaima pa dzalapo nthawi yaitali akuziyang'ana. Maganizo amodzi anawalowa m'mutu ndipo sanatulukemonso: zikanakhala kuti nkhukuzi zinayamba kulawa ndi izo, Ambokile akanakhala moyo.

Atakwatira a Fainess, mayi wa Chitumbuka amene onse amawaitana kuti a Nyachirwa, anaika lamulo limodzi pakhomo. Mankhwala aliwonse, kaya a kugolosale, kaya a m'botolo, kaya a kuchipatala kwenikweniko, sangalowe m'kamwa mwa munthu nkhuku isanalawe. Ndondomeko yake inali yosasintha. Ankasankha thadzi lathanzi, n'kulimanga kansalu kofiira kumwendo kuti lisasokonekere ndi zinzake. Ankabenthula piritsi, n'kuliphwanya ndi supuni, n'kulisakaniza ndi gaga wonyowa. Nkhuku ikadya ankaivundikira ndi dengu pamthunzi wa mtengo wa mango. Kuyambira pamenepo mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira ankaisuzumira: maso ake, mapiko ake, zitosi zake. Ikatuluka m'dengu ikupalasa, ankanena kuti, "Wapita mayeso," kutanthauza kuti yakhoza, ndipo wodwala ankaloledwa kumwa.

"Awiske Dora, tsiku lina ndidzafa ndi mutu ndikudikira nkhuku," ankadandaula a Nyachirwa atamanga duku lolimba pamphumi. Ankawatcha choncho potengera mwana wawo yekhayo, Dora.

"Safunsa anadya phula," ankayankha a Zebedee. "Ine ndimafunsa."

"Anzanu amafunsa adokotala. Inu mumafunsa ndiwo."

Poyamba anthu ankaseka. Koma chaka china kunabwera botolo la mankhwala akuda a nyamakazi limene linkagulitsidwa m'midzi. Mnansi wawo wina anabwera nalo mwanthabwala kuti aliyese. Nkhuku inamwa supuni imodzi, ndipo pofika masana inali itafa. Nkhani inawanda mpaka ku Ngara ndi ku Lupembe, ndipo kuseka kunatha. Kuchokera nthawi imeneyo amayi ankabwera ndi timapepala tawo ta mapiritsi titamangidwa kumsonga kwa chitenje, kudzapempha kuti nkhuku ya a Mwakibinga iyambe ndi iyo. A Zebedee sankalandira kanthu. Ankaona kuti akubweza ngongole ya mtima imene anali nayo kwa Ambokile, ndipo nthawi iliyonse dengu likavundukulidwa, mantha awo ankagona pang'ono.

Dora atapeza ntchito ku Mzuzu anasiya mwana wake, Lughano, m'manja mwa agogo ake. Lughano anali wa zaka zisanu ndi zinayi, wa Sitandade 4, kamtsikana ka maso akuluakulu kokonda kuwerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: matumba a feteleza, zikwangwani, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa. Ndiye ankawawerengera agogo ake malemba a pa timabokosi ta mankhwala, ndipo ndiye amene anatcha thadzi la mawangamawanga lovala kansalu kofiira dzina lakuti Sisitala, ngati namwino wamkulu wa kuchipatala. M'mawa uliwonse popita kusukulu ankaligwadira mwanthabwala n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a Sisitala, odwala ali bwanji lero?" A Zebedee ankanamizira kukwiya, koma akatembenuka ankamwetulira okha.

M'mwezi wa Juni, nthawi ya mphepo ya mwera, mpunga utapsa m'sikimu, Lughano anayamba kutsokomola. Mzere wa kuchipatala unali wautali ndipo ntchito yodula mpunga inali itafika pakhosi, choncho a Zebedee anagula kugolosale mapiritsi oyera a chifuwa, okhala ndi kamzere pakati, amene anthu ambiri amagula popanda kalata. Sisitala anadya gawo lake Lolemba. Lachiwiri m'mawa anatuluka m'dengu n'kuthamangitsa chiwala mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Wapita mayeso," anatero a Zebedee.

Lughano anamwa m'mawa ndi madzulo, ndipo chifuwa chinayamba kuchepa. Koma patatha sabata anabwera kuchokera kusukulu nthawi isanakwane, atagwira mutu. Thupi linali moto. Maso anali ofiira ngati wakhala mu utsi, ndipo ankati kumeza malovu kukumupweteka.

"Kapena ndi mapiritsi aja," anatero a Nyachirwa chapansipansi.

A Zebedee analoza panja. Sisitala anali pa mulu wa mankhusu, akupalasa, nthenga zili waliwali. Sabata imeneyo anali ataikira mazira asanu.

"Taonani uyo. Anadya zomwezo. Akuoneka wodwala?"

Zaka zonsezi nkhuku inali isanawanamizepo.

Apa ndi pamene a Zebedee analakwa, ndipo kunali kulakwa kumene munthu wina aliyense pamudzipo sakanachita. Wina akanakayikira mapiritsi. Iwo, popeza mapiritsi anali atapita mayeso, anaganiza kuti matenda akula mphamvu chifukwa mankhwala achepa. Anabwerera kugolosale, anagula ena a mtundu womwewo, ndipo anapitiriza kumumwetsa mwanayo. Ngakhale pamene Lughano analira kuti pakhosi pakubaya, anamunyengerera ndi mawu okoma, n'kuliphwanya piritsi m'madzi a shuga, n'kumuthira m'kamwa ndi dzanja lawo.

Tsiku lotsatira zidzolo zinatuluka pachifuwa ndi kumsana, zofiirira, zakuda pakati. A Zebedee anati mwina ndi chikuku. Tsiku linalo m'mawa, dzuwa litangotuluka, a Nyachirwa analowa m'chipinda ndi phala, ndipo a Zebedee ali panja anamva mbale ikugwa.

Atalowa sanamuzindikire mdzukulu wawo. Milomo inali itatupa, itang'ambika, magazi atauma m'mbali. Zikope zinali zitamatana ndi mafinya. Pakhosi ndi pamapewa panali matuza aakulu ngati munthu amene wathiridwa madzi owira. Anamugwira mkono kuti amudzutse, ndipo khungu linatsetsereka pansi pa chala chawo ngati khungu la phwetekere wowiritsa, n'kusiya nyama yofiira.

Lughano sanakuwe. Anangonong'ona kuti, "Asekuru, zimitsani moto."

A Zebedee anakumbukira Ambokile. Kumsana kwawo anamva kulemera kuja kumene anakumva zaka makumi atatu zapitazo, kulemera kwa munthu amene akuzizira uli naye. A Nyachirwa anathamanga kukaitana wa njinga yamoto, anamukulunga mwana m'nsalu yoyera, n'kukwera naye. A Zebedee anatsatira pa njinga yakapalasa. Koma asananyamuke anachita zinthu ziwiri: anaika mapiritsi otsala m'thumba la malaya kuti mwana asaphonye nthawi yake, ndipo anagwira Sisitala n'kumuika m'dengu pakaliyala. Ankafuna kuti adokotala asataye nthawi kukayikira mapiritsi. Anatenga mboni.

Pa chipatala chaching'ono anapeza a Nyachirwa atakhala pabenchi, mwana ali pamiyendo, akudikira kuti wodwala amene anali m'kati atuluke. A Zebedee anayang'ana dzuwa. Nthawi ya piritsi la m'mawa inali itapitirira. Anatulutsa limodzi, analiika m'chivundikiro cha botolo, n'kuyamba kuliphwanya ndi kiyi wa njinga. Anathira timadzi. Anagwira chibwano cha Lughano n'kuyamba kufunafuna potsegula pa milomo yomatanayo.

"Bambo! Imani!"

Anali a Modesta, dokotala wamng'ono wa pamalopo, mayi wa ku Dedza amene anali atagwira ntchito kumeneko zaka zitatu. Anali atangotsegula chitseko. Anathamanga n'kumenya chivundikirocho, ndipo madzi oyerawo anamwazika pasimenti.

"Mukumupatsa chiyani?"

"Ndi a chifuwa, adokotala. Koma amenewa ayi, musawaganizire. Anayesedwa."

A Modesta analanda kapepalako, anawerenga, n'kuyang'ana mwanayo. Anakweza nsalu pang'ono, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Wamwa masiku angati?"

"Lero lakhumi."

"Zidzolo zitatuluka munasiya?"

"Ayi. Tinawonjezera."

A Modesta anatseka maso kamphindi. Kenako anayamba kuitana anamwino, wina abweretse madzi a diripi, wina aimbe foni kuti ambulansi ibwere msanga. Mwana ananyamulidwa n'kugonekedwa pabedi. A Zebedee anawatsatira mpaka pakhomo, dengu lili m'manja.

"Adokotala, mundimvetse. Si mapiritsi. Onani." Anavundukula. Sisitala anatulutsa mutu, anayang'ana uku ndi uku, n'kujompha lamba wa dengu. "Uyu anadya poyamba. Mpaka lero ali bwinobwino."

Anthu a pabenchi amene ankawadziwa anavomereza ndi mitu. A Modesta anali akufunafuna mtsempha pa phazi la mwana, popeza m'mikono munalibe pogwira. Sanakweze mawu.

"Agogo, nkhuku yanuyo imadya tsabola?"

"Imadya. Wa piripiri amene."

"Imalira?"

"Ayi."

"Nanga Lughano mutamupatsa dzanja limodzi la piripiri?"

A Zebedee anayang'ana nkhuku ija m'dengu.

"Nkhuku yakuuzani za nkhuku," anatero a Modesta, akumata singano ndi pulasitala. "Sikuti maganizo anu ndi opusa. Ngakhale kumene amapanga mankhwala amayamba ndi makoswe ndi nyama zina, kwa miyezi, ali ndi makina oonera magazi ndi chiwindi. Poizoni woonekeratu amamugwira motero. Koma mankhwala ambiri amene amayenda bwino pa nyama amakakanika akafika pa munthu. Ena sachiza, ena amavulaza. N'chifukwa chake amayesanso pa anthu ovomera okha, ochepa kaye, madokotala ali pambali. Ndipo ngakhale atatero, pamatsalabe zina ngati izi. Mapiritsi awa anthu ambirimbiri amamwa n'kuchira. Koma alipo mmodzi mwa anthu ochuluka zedi amene thupi lake limawakana, n'kuyamba kudziwotcha lokha. Palibe khoswe kapena nkhuku imene ingaloze kuti mmodziyo ndi uyu. Amene amanena ndi thupi la mwiniwake. Maso ofiira aja, zidzolo zija, linali likukuuzani."

"Ndiye kuti ine..."

"Piritsi lililonse lowonjezera linali nkhuni pamoto. Lija ndakugwetserani lija, sindikudziwa ngati akanalipirira."

A Zebedee anayang'ana pansi pamene panagwera madzi aja. Panali patauma kale, patangotsala kaufa koyera.

"Achira?" anafunsa a Nyachirwa.

"Mayi, sindikunamizani. Ena amachira, ena ayi. Ndipo tikuopera maso."

Namwino anabwera ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso ndi jakisoni wochepetsa ululu. A Zebedee ataona singano ikuyandikira, chizolowezi cha zaka makumi atatu chinawadzuka m'chifuwa. Mankhwala achilendo, osalawidwa, akulowa m'thupi la mwana wawo! Phazi lawo linasuntha lokha, ndipo mawu aja anafika pamilomo: dikirani kaye. Anawameza. Anakhala pansi pakhonde, anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo n'kuwakhalira, kuti asagwire munthu. Thukuta linkatsika m'khosi ngakhale kunali mwera.

Ku chipatala chachikulu cha kuboma Lughano anagonekedwa m'chipinda cha odwala akupsa ndi moto. Anamukulunga m'nsalu zopaka mafuta kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Sankatha kudya, choncho anamulowetsa kapaipi m'mphuno. Dora anafika kuchokera ku Mzuzu tsiku lomwelo. Atamva zonse sanakalipe. Anangowayang'ana bambo ake n'kufunsa kuti, "Adada, mwana amalira, inu n'kumakayang'ana nkhuku?" Mawu amenewo anawapweteka kuposa ndodo.

Amuna sankaloledwa kukhalitsa m'chipindamo, choncho a Zebedee ankakhala pansi pa mtengo pafupi ndi khitchini ya odikirira odwala. Chitseko cha chipindacho chikatseguka mtima wawo unkaima. Machira akadutsa ankadzuka kuti aone kutalika kwa amene wafundidwayo, ndipo akaona kuti ndi wamkulu ankakhala pansi, kenako n'kuchita manyazi kuti apumira m'mwamba pa maliro a eni ake. Tsiku lachinayi thupi la mwana linatenthanso, ndipo adokotala anati zilonda zalowa tizilombo. Anamuyamba mankhwala ena amphamvu. A Zebedee anafunsa namwino ngati amenewo sangamuwotchenso.

"Si a mtundu uja," anayankha namwinoyo. "Koma tikumuyang'anira ola lililonse."

"Ndiye kuti simukudziwa."

"Tikudziwa zambiri, agogo. Zonse ayi."

Panalibe dengu loti avundukule. Panalibe chowauza za mawa. Anazindikira kuti zaka zonse zija nkhuku sinkateteza banja lawo kwenikweni, inkangowagonetsera mantha awo.

Kutentha kunatsika tsiku lachisanu ndi chinayi. Khungu latsopano linayamba kumera, lofewa, lotuwa ngati la mwana wakhanda. Koma maso anali chitsekere. M'mawa uliwonse namwino ankawatsuka, n'kulekanitsa zikope pang'onopang'ono kuti zisamatirire ku diso, ndipo kulira kwa Lughano kunkamveka mpaka pansi pa mtengo paja. A Zebedee ankatseka makutu, kenako n'kuwatsegulanso, poganiza kuti alibe ufulu wothawa kulira kumeneko.

Sabata yachitatu anawaitana kuti alowe. Lughano anali atatsamira pilo, mutu wometedwa, milomo ili ndi nkhanambo. Maso anali otsegula pang'ono, akutuluka misozi. A Zebedee anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja, osayerekeza kuyandikira.

"Ukundiona, mama?" a Zebedee anamufunsa mwanayo.

Mwanayo anapendeketsa mutu, n'kutembenuzira diso lamanja kwa iwo. Anayang'ana nthawi yaitali pachifuwa pawo, pa malaya amene anapatsidwa pa tsiku la chionetsero cha alimi.

"Mpu... nga ndi chu... ma," anawerenga pang'onopang'ono. "Asekuru, malaya amenewa simunasinthe?"

A Nyachirwa anagwada pansi. Dora anaphimba nkhope ndi chitenje. A Zebedee anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira kwa munthu wamkulu, kosazolowera njira.

Diso lamanzere silinabwerere. Lili ndi kamtambo koyera, ndipo limangoona kuwala ndi mdima. Lughano anabwerera kusukulu teremu yotsatira. Amakhala pa desiki yakutsogolo, mbali ya kumanzere kwa kalasi kuti diso labwino liyang'ane bolodi, ndipo pa nthawi yopuma amavala chipewa chifukwa dzuwa limamubaya. M'khosi mwake muli chingwe chokhala ndi kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki, kamene a Modesta analembapo dzina la mankhwala amene sayenera kumwanso moyo wake wonse. Anzake a m'kalasi analiloweza dzinalo ngati ndakatulo.

A Zebedee anayenda khomo ndi khomo, mpaka ku Ngara ndi ku Lupembe, kwa onse amene anabwerapo ndi mapiritsi awo. Pakhomo lililonse ankavula chipewa n'kunena zomwezo: kuti nkhuku isawanamize, kuti mankhwala azichokera kuchipatala, ndipo kuti munthu akamwa kanthu n'kuona zidzolo, maso ofiira kapena zilonda m'kamwa, asiye pomwepo n'kuthamangira kwa adokotala. Ena anamva. Ena anati, "Koma botolo lakuda lija inaligwira." Iwo ankayankha kuti, "Inagwira limodzi, koma inatsala pang'ono kundiphetsa mwana."

A Nyachirwa ankafuna kuti Sisitala aphedwe tsiku limene Lughano anatuluka m'chipatala. Mpeni unali utanoledwa kale. Koma mwanayo anaikumbatira nkhukuyo n'kukana.

"Sananame, agogo. Anafunsidwa ngati iye akumva bwino, ndipo ankamvadi bwino."

Anapempha mpeniwo, n'kudula kansalu kofiira kumwendo, n'kuisiya ipite kwa zinzake.

Mwezi wathawu Lughano anatenthanso thupi, ndipo kuchipatala anapeza malungo. A Zebedee anaonetsa kakhadi kaja kwa a Modesta, kwa namwino, ndi kwa wopereka mankhwala pawindo, ngakhale onsewo ankakadziwa. Atafika kunyumba anamupatsa mwanayo mapiritsi ndi madzi. Kenako anakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi mphasa yake. Tsiku lonse sanapite kumunda. Ankamusuzumira m'maso, ankamuuza kuti atsegule pakamwa, ankamutembenuza mikono kufunafuna kadontho kofiira.

"Asekuru, mwandiyang'ana kakhumi," anadandaula Lughano. "Mundivundikire ndi dengu basi."

"Gona, mama," anatero a Zebedee, osachotsa maso pa khungu lake. "Dikira kaye."